Tiyi, tulo ndi mbewa za ku Osaka

Mayeso a MSCE akayandikira, ambiri mumamwa tiyi usiku kuti tulo tisakugwireni. Tiyi, ngakhale wathu wa ku Kawalazi konkuno ku Nkhata Bay, ali ndi caffeine. Nanga imathamangitsa bwanji tulo?

M'selo la ubongo uthenga umayenda ngati magetsi, koma pakati pa selo ndi linzake pali kampata, ndiye makemikolo ndi amene amauwolotsa. Kemikolo iliyonse ili ndi receptor yake, ngati kiyi ndi loko. Mukakhalitsa maso, kemikolo yotchedwa adenosine imachuluka n'kutsegula maloko ake, basi zikope kulemera. Caffeine ndi kiyi wabodza: imalowa m'loko osatsegula, n'kutsekereza adenosine.

Koma maloko a adenosine alipo angapo. Mu 2005, asayansi a ku Osaka ku Japan anapatsa caffeine mbewa zobadwa zopanda receptor ya A2A. Zinagona bwinobwino, pomwe zopanda A1 zinakhala maso. Loko wofunika ndi A2A.

Komatu adenosine siichoka, imangodikira pakhomo. Ndipo pakatha maola pafupifupi 5, theka la caffeine limakhala lidakali m'thupi. Tiyi wa 9 koloko usiku mudakali naye 2 koloko m'bandakucha, nthawi imene ubongo umafuna tulo kuti usunge zimene mwawerenga.