Mng'alu umene wagona m'tsinde mwa mapiri a ku Golomoti

Munthu akamatsika msewu wa Khwekhwerere, mtima umakhala pa mabuleki ndi makona basi. Ndi ochepa amafunsa chimene chinatsitsa Golomoti kuchigwa kotentha, Dedza n'kutsala m'mwamba mozizira. Ndi ming'alu: thanthwe la pansi pa nthaka linang'ambika, ndipo mbali ya kunyanja yakhala ikutitimira kwa zaka mamiliyoni.

Mng'alu wa m'tsinde mwa mapiriwa akatswiri amautcha Bilila-Mtakataka, ndipo ndi wautali makilomita pafupifupi 100. M'malo ena unasiya chikweza chotalika mamita oposa 10. James Jackson ndi Tom Blenkinsop analemba mu 1997 kuti mng'aluwu ukadali wamoyo.

Choopsa chake sikutalikako kokha ayi. Mng'aluwu uli m'zigawozigawo zolumikizana, ndipo chigawo chilichonse chamangika, chikukana kutsetsereka pamene nthaka ikukokeka pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Zili ngati amuna amene anyamula chipika paphewa: mmodzi akagwada, kulemera kwake kumagwera mnzake woyandikana naye. Chigawo chimodzi chikatsetsereka, timamva chivomezi, koma katundu uja sathera pomwepo. Wina amasamukira kunsonga, kumene kwayambira chigawo chotsatira. Chikakhala kuti chinali kale pafupi kugonja, chimatha kutsatira patapita masiku, zaka, mwinanso masekondi ochepa chabe. Zigawo zonse zitamasuka nthawi imodzi, chivomezi chake chikhoza kuyandikira 8 pa muyeso wa zivomezi. Tsiku lake palibe katswiri angalitchule, ndipo wokuuzani kuti akulidziwa akukunamizani.

Anthu a ku Karonga anaona zivomezi zotsatizana chotere mu Disembala 2009. Nthaka inagwedezeka pa 6, inabwereza pa 8, ndipo chivomezi chachikulu kwambiri, cha 6.0, chinabwera pa 19, ena ataganiza kuti zatha. Makoma amene anasweka poyamba anadzagweratu pambuyo pake. Kuno kwathu, akuluakulu a ku Mtakataka ndi ku Mua akukumbukira chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989, chimene chinasiya anthu pafupifupi 50,000 opanda pogona.

Nthawi zambiri chimene chimapha anthu ndi khoma, makamaka la njerwa zomangira dothi, lopanda lamba wa simenti ndi zitsulo pamwamba pa mawindo. Inu amene mukuumba njerwa, lambayo musamuone ngati wongokometsera nyumba. Ndipo nyumba ikachita ming'alu ndi chivomezi choyamba, musagonemo usiku umenewo.