Ku Cape Town matenda ali mu ndowa, osati pampopi

Mnyamata akangopeza ntchito ku Cape Town, kaya yosamalira maluwa ku Constantia kaya yoperekera zakudya mu lesitilanti ya ku Sea Point, achibale amayamba kuwerengera marandi nkumawasandutsa makwacha. Posakhalitsa kumafika uthenga wa pa WhatsApp, wa mtundu uja wosadziwika woulemba, woti kumeneko madzi adatha kalekale, otsalawo ali ndi matenda, ndiye asayerekeze kumwa a pampopi. Mphekeserayi idabadwa nthawi ya chilala cha 2018 ndipo mpaka lero ikukana kufa.

Chilalacho chidachitikadi. Mvula idavuta zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2015, ndipo damu la Theewaterskloof, lalikulu kuposa onse omwetsa mzindawo, lidasanduka mchenga m'madera ambiri. Kuyambira pa 1 February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndowa ziwiri ndi theka, zoti amwe, aphikire, asambe, achapire ndi kugujumulira kuchimbudzi. Akuluakulu a mzindawo adalengeza za Day Zero, tsiku lomwe akadatseka mipopi yambiri madamu akadatsika kufika pa 13.5 peresenti, nkumagawa malita 25 pamunthu m'malo otungira pafupifupi 200. Tsikulo silidafike. Anthu adasamala madzi, alimi adachepetseredwa awo, mvula idabwera, ndipo pofika 2020 madamu adadzaza. Komabe mzindawu umalandira mvula yake nyengo yozizira, makamaka pakati pa May ndi August, pomwe December ndi January, miyezi yomwe kuno ku Malawi tili m'matope, kumeneko kumakhala gwaa. Chilala chitha kubweranso chaka china chilichonse.

Tsono za madzi "oipa" zidachokera kuti? Madamu atatsika, anthu ena adayamba kumva kafungo ka dothi m'madzi a pampopi. Kafungoko kamabwera ndi geosmin, mankhwala achilengedwe omwe amapangidwa ndi ndere zina za m'madzi komanso mabakiteriya a m'nthaka. Madzi akachepa nkutenthedwa ndi dzuwa, ndere zimachuluka, ndipo geosmin naye amachuluka. Ndi yemweyo amene timamumva mvula yoyamba ikagwa pa fumbi la October, fungo lomwe aliyense amalikonda likakhala panja koma amalida likalowa m'kapu. Chodabwitsa ndi mphuno ya munthu: imamumva geosmin ngakhale atachepa kwambiri, mwakuti kadontho kamodzi kangathe kununkhitsa dziwe lonse losambiramo. Klorini samuchotsa bwino, nchifukwa chake osefa madzi amathira makala opera apadera kuti amuyamwe. Koma pa mlingo umenewu geosmin sadwalitsa munthu. Mphuno imangochita phokoso pa chinthu chomwe mimba ilibe nacho vuto.

Tsoka lake, nthawi yomweyo South Africa idali pa mliri wa listeriosis, ndipo anthu adalumikiza ziwirizi popanda umboni ngakhale umodzi. Odwala adapitirira 1,000 ndipo omwalira adaposa 200, ambiri mwa iwo makanda. Pa 4 March 2018 nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, Aaron Motsoaledi, idalengeza gwero lake: poloni wochokera ku fakitale ya Enterprise ku Polokwane, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, kutali zedi ndi madamu a Cape Town. Odwala ambiri adali a ku Gauteng. Kachilombo koyambitsa listeriosis kamaswana ngakhale mu furiji, ndipo zizindikiro zimatha kuoneka patapita milungu ingapo munthu atadya, nchifukwa chake kudali kovuta kukatsata. Amene ankaopa mpopi uja mwina nkuti akudya buledi wa poloni tsiku ndi tsiku pa ntchito.

Bodza loti madzi a pampopi ndi oipa limapweteka chifukwa limamuchotsa munthu pa madzi oyezedwa nkumupititsa ku madzi osayezedwa. Mu 2018 anthu ankafola ndi zigubu pa kasupe wa ku Newlands, ena ankatunga m'zitsime za m'mayadi ndi m'timitsinje totsika m'phiri, poganiza kuti madzi ooneka mbee ndiye abwino. Kuoneka mbee sikutanthauza kanthu. Kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba sikasintha mtundu wa madzi.

Pomwe pali vuto lenileni ndi pa ndowa. Madzi akamatuluka pampopi amakhala ndi klorini pang'ono wotsalira, yemwe ntchito yake ndi kupha tizilombo tolowa panjira. Mukawathira mu ndowa yosavundikira, kloriniyo amauluka pang'onopang'ono, ndipo kutentha ndi kuwala kwa dzuwa kumamufulumizitsa. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri madziwo amakhala opanda chowateteza. Kenaka mwana wochokera kuchimbudzi amapisa kapu yomwe idagona pansi, zala nkulowa nazo. Wina amabweza madzi otsala m'kapumo. M'mbali mwa ndowa mumayamba kuterera, ndipo kutererako ndi tizilombo tomwe tamatirira nkumanga malo, moti kungotsukuluza ndi madzi sikutichotsa. Mukathiramo madzi atsopano, klorini wake amathera pa kulimbana ndi tizilombo tomweto. Onjezerani apo madzi osambira ndi ochapira omwe nthawi ya chilala anthu amasunga kuti agujumulire kuchimbudzi. Akagona masiku m'nyumba yotentha amasanduka munda wa mabakiteriya, ndipo ndowa ziwirizi nthawi zambiri zimakhala moyandikana pakona imodzi. Ndipo madzi akamawerengedwa, choyamba kusiyidwa ndi kusamba m'manja.

Apa mpomwe kudula kwa mzinda kumakumana ndi umoyo. Nyumba ku Cape Town ndi zokwera mtengo, choncho Mmalawi wongofika kumene sakhala ku Sea Point komwe amagwirako ntchito. Amakapanga lendi kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu ku Masiphumelele, Imizamo Yethu, Dunoon kapena Capricorn, komwe mabanja angapo amadalira mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Nthawi ya chilala, khonsolo idaika pa mamita ambiri timakina todula madzi akafika malita 350 patsiku pa poloti. Kwa banja la anthu anayi sidali nkhani. Koma poloti ya anthu 12 inkapeza malita osakwana 30 pamunthu, ndipo wochoka m'mamawa kuthamangira takisi nkubwera usiku ndiye ankapeza mpopi uli phee. Ameneyo ndiye ankasunga madzi mu ndowa masiku atatu. Achipatala mumzindawo amadziwa kale kuti kuyambira November mpaka May ana otsegula m'mimba amachuluka, chilala chikhalepo kapena ayi.

Zoyenera kuchita si zachilendo kwa munthu amene adaona kolera ya 2022 ndi 2023 kuno kwathu: chigubu cha kukamwa kwakung'ono chokhala ndi chotsekera, kuwiritsa kapena kuthira klorini madzi ogona ndi a m'chitsime, sopo, ndi timapaketi ta ORS m'chikwama ngati mukupita ndi mwana. Poopa listeriosis, mayi woyembekezera apewe nyama zozizira zodya osaphika.

Inu amene mwaitanidwa ku ntchito kumeneko, musanagule tikiti ya basi, mufunseni amene akukupezerani chipindayo kuti mpopi wa papolotipo amatungapo anthu angati.