Msewu ndiye munda wa Nyimba ndi Petauke

Aliyense amene anakwerapo basi pa Intercity mu Lusaka kupita ku Chipata amadziwa kuti njala ya paulendo imathera malo awiri: pa Luangwa Bridge pomwe pali nsomba zouma ndi madengu, ndi pa Nyimba pomwe pali nthochi. Basi ikangoima chabe, mabeseni afika kale pa mawindo. Kwa wapaulendo izi ndi mphindi zochepa zowongola miyendo. Kwa amai onyamula beseni, mphindi zimenezo ndiye nchito yonse.

Sabata yatha ndinatsika basi m'malo mopitirira, ndipo ndinakhala masiku anai m'matauni awiriwa. Ndinkafuna kuona zimene zimatsala basi ikanyamuka.

Choyamba chimene ndinaona n'chakuti nthochi ilibe chifundo. Wogulitsa amagula mkoko kwa alimi a m'madimba ndi ndalama yake, nthawi zina ya ngongole ya ku village banking. Ikapsa, siidikira kuti mwezi uthe anthu alandire malipiro. M'mawa mtengo umakhala wolimba, koma dzuwa likapendeka umayamba kugwa, chifukwa ya mawanga akuda mawa palibe adzaiyang'ana. Ndiye ife a ku tauni, amene mu shopping mall timalipira mwakachetechete, pa windo la basi timasanduka akatswiri onenerera, kulimbana ndi amai a msinkhu wa amai athu pa K5 imodzi. Ena mpaka amadikira dalaivala alize injini kuti wogulitsa agonje. Mchitidwe umenewu suyenera munthu woleredwa bwino.

Ku Petauke nkhani ndi ina. Boma ili makilomita ochepa kuchoka pa Great East Road, ndipo kampata kameneka ndiko kamadyetsa anyamata a njinga zamoto pa turn-off. Ambiri amene ndinacheza nawo anamaliza Grade 12. Njinga si yawo. Madzulo alionse amapereka cashing kwa mwini wake, zotsala ndiye za mafuta, za ndiwo ndi za lendi. N'chifukwa chake kumapeto kwa mwezi, Energy Regulation Board ikamalengeza mitengo ya mafuta, pa turn-off amatchera khutu kuposa a ma Hilux a ku Kabulonga. Petulo ikakwera iwo sangakweze mtengo tsiku lomwelo, kaili kasitomala ali ndi miyendo.

Vuto limene sindingabise ndi la chitetezo. Ndinaona njinga imodzi itanyamula mwamuna, mkazi, mwana ndi thumba la fetereza. Helmet imodzi, nayonso ili lende pa chiwongolero. Ukafunsa za laisensi ya RTSA, nkhani imasinthidwa msanga. Anyamatawa amati ndalama yake ndi yovuta kupeza, ndipo n'zoona, koma mwendo ukathyoka cashing ya miyezi ingapo imapita.

Usiku matauni onse awiri amakumana pa mpira. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti nkumazima pafupifupi tsiku lonse, amene anagula sola ndi inveta anasanduka mabwana. Mu tumaholo tawo mumadzaza mpaka pakhomo. Mkangano wa Arsenal ndi Manchester United sutha, koma Chipolopolo ikamasewera onse amakhala amodzi. Dzina la Fashion Sakala limatchulidwa ngati la m'bale, pakuti ndi mwana wa kum'mawa konkuno, ndipo Barbra Banda wachititsa kuti madoda amene kale ankanyoza mpira wa akazi manje azikangana za zigoli zake ku Orlando Pride.

Koma m'maholo momwemo muli njoka. Pa half time maso ambiri amatsikira pa foni, pa kubetcha ndi pa ka ndeke kaja. Ndinaona mnyamata akuika ndalama ya tsiku lonse, kandeke nkuuluka nayo iye akuyang'ana. Sanalire. Anangoyamba kuwerengera maulendo amene ayenera kuyenda mawa kuti mwini njinga asamulande makiyi. Anzake anaseka, koma kuseka kwa anthu odziwa ululu wake.

Nanga ndale? Kuno kwasu, monga amanenera a Nsenga, anthu savota ngati nkhosa. Mu 2021 Nyimba inasankha Menyani Zulu ndipo Petauke Central inasankha Emmanuel Jay Banda, onse awiri oima paokha opanda chipani. Mpando wa Petauke Central utakhala wopanda munthu, anthu anavotanso mu February 2025. Amene amaganiza kuti chitenge ndi T-shirt zikwanira kugula dera lino sanakhalepo pa nsolo pansi pa mtengo wa mango, kapena kumvetsera mafoni a omvera pa PASME ku Petauke ndi Valley FM ku Nyimba. Anthu amatchula mjigo wakufa, mlatho wokokoloka ndi tsiku limene FRA inalonjeza kulipira chimanga.

Nkhani imene inkabwerabwera ndi ya CDF. Ndalamayi inali K1.6 miliyoni pa constituency iliyonse, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 inafika K36.1 miliyoni. Mbali ina ndi ya zomangamanga, ina ya mabasare a sukulu zogonera konko ndi maphunziro a luso, ina ya magranti ndi ngongole za magulu a achinyamata ndi amai. Madesiki ndi makalasi atsopano akuoneka, zimenezo palibe angakane. Koma ndinadabwa kuti ambiri mwa ogulitsa nthochi ndi anyamata a njinga amene ndinawafunsa sankadziwa kuti pempho limayambira ku Ward Development Committee ya m'dera lawo, kapena kuti gulu liyenera kukhala lolembetsa. Ndalama imakhala ikuzungulira pakati pa odziwa kulemba mafomu.

Zimene anthuwa akufuna si zapatali: shedi yotchinga dzuwa ndi mvula pa siteshoni, chimbudzi chaukhondo, madzi, malo osungirako katundu usiku, ndi njira yoti mnyamata apeze laisensi ndi njinga yakeyake pang'onopang'ono. Zonsezi zimalowa bwino mu CDF ngati pali wozikankha.

Chisankho chili pa 13 August 2026, ndipo magalimoto a zokuzira mau adzadzaza msewu womwewu. Inu a pa siteshoni ndi a pa turn-off, landirani chitenge ngati mufuna, koma funsani mafunso atatu: komiti ya ward yathu imakumana liti, mndandanda wa olandira CDF umapachikidwa kuti, ndipo shedi idzamangidwa mwezi uti. Wosayankha momveka, muuzeni apitirire ku Chipata.