Galu wa anthu awiri: lembani pangano chikondi chisanazilale

Katundu aliyense amagawika. Banja likatha, mipando imapita uku, mbale uko. Geni ikagwa, ndalama zimathiridwa pamphasa n'kuwerengedwa, aliyense n'kunyamula zake. Koma tandiuzeni abale anga, galu mungam'gawe bwanji? Wina atenge mutu, wina mchira?

Musaseke ayi. Kumaiko a azungu funso limeneli lafika kumakhoti ndipo maloya akudyerapo. M'chaka cha 2021 khoti lina mumzinda wa Madrid, ku Spain, lidazenga mlandu wa anthu awiri omwe chikondi chawo chidatha koma ankalimbirana galu dzina lake Panda. Woweruza adagamula kuti galuyo azikhala mwezi umodzi kwa uyu, mwezi winawo kwa mnzake. Mu Januwale 2022 lamulo latsopano lidayamba kugwira ntchito m'dzikomo, lonena kuti nyama si katundu wamba ngati tebulo koma chamoyo chomva kuwawa. Tsopano banja likamatha woweruza amatha kunena kumene chiweto chizikhala, masiku amene winayo azichiona, ndi amene azilipira chakudya ndi mankhwala.

Ku America, chigawo cha Alaska chidayamba mu 2017 kulamula oweruza kuti poweruza milandu yothetsa banja aziganiziranso ubwino wa nyamayo. Illinois idatsatira mu 2018, California mu 2019.

Koma si paliponse pamene oweruza amalola zogawana. Ku England, kumene kuli abale athu ambiri a sukulu ndi a ntchito, galu pamaso pa lamulo akadali katundu basi. Khoti limafunsa kuti adam'gula ndani, lisiti lili m'dzina la yani, ndipo amalipira kuchipatala cha ziweto ndani. Amene ankam'sambitsa ndi kum'phikira tsiku ndi tsiku angathe kutuluka chimanjamanja. N'chifukwa chake mu 2014 bungwe losamala nyama la Blue Cross lidatulutsa chikalata chomwe adachitcha pet-nup, choti anthu awiri azilemberana za galu wawo zinthu zikadali bwino. Chikalatachi sichimanga khoti manja, komabe woweruza angathe kuchiwerenga ngati umboni wa zomwe awiriwo adagwirizana.

Ku British Columbia, m'dziko la Canada, lamulo lomwe lidayamba mu Januwale 2024 likunena poyera kuti khoti silingalamule anthu kugawana chiweto. Liyenera kuchipereka kwa m'modzi. Koma eni akewo ali ndi ufulu wolemberana okha pangano logawana. Mwaimva nkhaniyo? Amene sadalembe kanthu, tsogolo la galu wake lili m'manja mwa mlendo wovala mkanjo.

Wina anena kuti izi ndi za anthu okhuta, kuno galu ndi mlonda chabe wodya mikute. Chabwino. Komatu mlonda ameneyu amagulidwa ndi ndalama, ndipo galu wamtundu sapezeka ndi makobidi a m'thumba. Ine ndi msuweni wanga, akuba atatithyolera kawiri pamalo pomwe tinkasunga katundu wa geni, tidasonkherana n'kugula kagalu kakakazi. Palibe chomwe tidalemba. Pachibale polemberana chiyani? Patatha zaka ziwiri msuweni uja adasamukira kudera lina, galu ali ndi bere. Iye akuti adapereka ndalama zambiri pogula, ine ndikuti gaga ndi mafupa a kubutchala ndinkagula ndine. Ana asanu atabadwa, mkangano udakula mpaka malume adachita kubwera kudzatikhazika pansi. Galuyo adafa kalekale, koma mpaka lero moni wathu ndi wapakamwa chabe. Akulu adati mlandu suola.

Tsono ngati mwaganiza zoweta galu awiri, kaya ndinu banja, anzake a lendi nyumba imodzi kapena amalonda oyandikana mashopu, tengani pepala ndi cholembera. Lembani kuti aliyense wapereka zingati pogula, ndipo lisiti asunga ndani. Lembani kumene galu azigona, chifukwa pawiripawiri sipauzirika. Galu wosadziwa kwawo amasanduka wam'misika. Lembani amene azigula chakudya ndi amene azipita naye kukabayitsa katemera wa chiwewe, komanso amene azisunga khadi lake.

Musaiwale tsiku loipa. Galu akaluma mwana wa eni ake, kapena akagwira nkhuku za aneba, adzalipira ndani? Pamenepo m'pamene eni galu amasowa, aliyense kuloza mnzake. Akabereka, ana agawidwa motani, ndipo akagulitsidwa ndalama zilowa m'thumba la yani? Wina akasamuka kapena akafuna kutulukamo, mnzake am'bwezera zingati? Nanga galu akadwala matenda ofuna ndalama zambiri, mawu omaliza ndi a yani?

Mukatha, nonse awiri musayinire, mulembe tsiku, pakhale mboni ziwiri zosakondera, ndipo aliyense asunge pepala lake. Ngati galuyo ndi wodula kwambiri, kuonetsa pepalalo kwa loya sikutaya ndalama ayi.

Ena amaona ngati kupempha mnzako kuti mulemberane ndi kum'tukwana kuti ndi wakuba. Ine ndidaganizanso choncho, ndipo ndidataya galu pamodzi ndi m'bale. Pepala silithetsa chibale. Limasunga mawu amene mudalankhula tsiku lomwe munkaseka, kuti adzakuyankhulireni tsiku lomwe simukuonana ndi diso labwino. Ndipo zimene tanena pa galuzi, a geni inu, ziyeseninso pa sikelo, wilibala ndi firiji zomwe mudagula mosonkherana zija.