Mankhwala a LDN: dziwani izi musanamwe

Mwina mwalandirapo uthenga pa foni wonena za mankhwala otchedwa LDN, oti amathetsa nyamakazi, kuphwanya kwa thupi kosatha, khansa, ngakhalenso Edzi. Mwinanso m'bale wanu wa ku Joni walonjeza kuti akutumizirani kabotolo. Musanavomere, tawerengani kaye izi.

Dzina lenileni la mankhwalawa ndi naltrexone, ndipo si atsopano ayi. Ku America anawaloleza mu 1984 kuti azithandiza anthu ofuna kusiya heroin, kenaka mu 1994 anawalolezanso kwa ofuna kusiya mowa. Piritsi limodzi limakhala la 50 mg. M'thupi mwathu muli timalo tomwe mankhwala amphamvu opha ululu, monga morphine, codeine ndi tramadol, amakakhalapo kuti agwire ntchito. Naltrexone amathamangira pa timaloti n'kukhalapo, ngati munthu amene wakulandani mpando mu chapa. Mankhwala enawo akafika amasowa pokhala, ndiye sagwira ntchito.

LDN ndi naltrexone yemweyo koma wa mlingo wochepa kwambiri, kuyambira 1.5 mg mpaka 4.5 mg patsiku. Anayambitsa ndi dokotala wa ku New York, Bernard Bihari, cha m'ma 1985, nthawi imene odwala Edzi analibe mankhwala alionse. Iye ankaganiza kuti timalo tija tikatsekedwa kwa maola ochepa chabe, thupi limapanga lokha zinthu zambiri zoziziritsa ululu, ndipo chitetezo chimalimba. Ganizoli ndi lomveka, koma mpaka lero silinatsimikizike.

Nanga ofufuza apeza zotani? Matenda amene ayesedwa kwambiri ndi fibromyalgia, omwe munthu amamva kuwawa thupi lonse kwa zaka, madokotala osapeza bala. Mu 2013 ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anayesa amayi 31 ndipo ululu wao unatsikako kuposa pamene ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. Anthu anasangalala. Koma ku Denmark anayesanso amayi 99, ndipo zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2024 zinaonetsa kuti panalibe kusiyana kwenikweni pakati pa omwa LDN ndi omwa mapiritsi opanda kanthu. Pa matenda a m'matumbo otchedwa Crohn, akatswiri a Cochrane anaunika mu 2018 n'kupeza kuti umboni ndi wosakwanira. Kutchuka kwa mankhwala sikutanthauza kuti amachiza: ku Norway mu 2013, pulogalamu imodzi ya pa wailesi ya kanema inachititsa kuti anthu oposa 15,000 ayambe kumwa LDN, pomwe kale omwa anali ochepa zedi. Ife a pa wailesi nkhani imeneyi imatiopsa, chifukwa tikudziwa mphamvu ya mawu ouluka pa mphepo.

Tsopano kwa inu amene muli pa ma ARV, kapena mukusamalira wodwala: LDN salowa m'malo mwa ma ARV. Palibe kafukufuku amene anaonetsa kuti amachepetsa kachilombo ka HIV m'magazi monga amachitira ma ARV. Mukasiya kumwa, kachilombo kamayambanso kuswana pakangopita masabata ochepa, ngakhale inu mukumva bwino, ndipo kakhoza kusiya kumva mankhwala omwe munkamwa. Kuno ku Tete tikudziwa mtengo wa mankhwalawa. Ndi m'chigawo chathu chino momwe magulu a GAAC anayambira mu 2008, mothandizidwa ndi bungwe la MSF, kuti odwala azisinthana kukatengera anzao ma ARV kuchipatala. Njirayi inafalikira dziko lonse la Mozambique. Musataye zimenezi chifukwa cha kabotolo kochokera kutali. Omwa mankhwala a shuga, a BP, a khunyu ndi a TB, uthengawu ndi wanunso.

Ngozi ina ndi ya msanga. Ngati mwakhala mukumwa tramadol, codeine kapena morphine masiku onse, kumwa naltrexone kungakudwalitseni mwadzidzidzi: kusanza, kutsegula m'mimba, thukuta, kunjenjemera ndi ululu woopsa. Wodwala khansa amene ali pa morphine asapatsidwe mankhwalawa, chifukwa amafooketsa chinthu chokhacho chimene chikumugonetsa tulo. Mukachita ngozi pamsewu kapena mukafunika opaleshoni, uzani adokotala ngati mwamwa LDN, kuti adziwe mankhwala opha ululu oti akupatseni. Naltrexone amadutsa m'chiwindi, choncho amene ali ndi matenda a chiwindi, amene ali pa mankhwala a TB, ndi amayi oyembekezera asayese paokha. Ena akamwa amasowa tulo, amalota maloto odabwitsa, kapena mutu umawapweteka.

Palinso vuto la mlingo. Piritsi la 50 mg simungalidule ndi lezala n'kupeza 4.5 mg yolondola. M'maiko momwe madokotala amalembera LDN, mlingowu amaukonza mwapadera ku famasi. Kabotolo kogula pamsika kapena pa intaneti, simungadziwe zomwe zili m'kati mwake.

Ngati ululu wakuvutani kwa miyezi yoposa itatu, pitani kuchipatala cha m'dera lanu, ndipo ngati n'koyenera akutumizani ku Hospital Provincial de Tete. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, kuphatikizapo azitsamba ndi kabotolo kaja ngati kafika kale, muwaonetse anamwino.