ULERE WA SUKULU ZA MKAKA KU SCOTLAND: GAWO LOYAMBA

M'chaka cha 1816, Robert Owen, amene ankayang'anira fakitale ya nsalu ku New Lanark m'dziko la Scotland, adatsegula sukulu ya ana aang'ono kuti makolo awo azigwira ntchito mtima uli m'malo. Mudziwo uli m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mtsinje womwewo umene umadutsa pa Blantyre, kwawo kwa David Livingstone. Pasukulupo ana ankaimba, kuvina ndi kusewera, ndipo chikwapu chidali choletsedwa. Owen adazindikira zimene akale adanena, kuti m'mera mpoyamba.

Ntchito imene munthu mmodzi adaiyamba pa mudzi umodzi, lero Boma la Scotland lidaisenza m'dziko lonse. Lamulo la m'chaka cha 2014 lidakweza maola aulere a mwana aliyense wa zaka zitatu ndi zinayi kuchoka pa 475 kufika pa 600 pachaka. Mu Ogasiti 2021 maolawo adafika pa 1,140, atachedwa chaka chathunthu kaamba ka mliri wa Covid-19. Awa ndi maola 30 pa sabata kwa masabata 38, ngakhale kholo lingathe kuwamwaza m'chaka chonse. Ana a zaka ziwiri ochokera m'mabanja osowa, ndiponso amene akuleredwa pansi pa chisamaliro cha khonsolo, nawonso amalandira mwayiwu.

Tsono sukulu za makhonsolo pazokha sizikadakwanitsa kulandira ana onsewa. Motero Boma lidaika mfundo yoti ndalama zizitsata mwana. Kholo limasankha lokha malo: sukulu ya khonsolo, sukulu ya munthu wamba, ya bungwe lachifundo, kapena mlezi wovomerezeka wolera ana pakhomo pake. Boma limapereka ndalama ku makhonsolo 32 a dzikolo, ndipo khonsolo iliyonse imalipira sukulu zimene si zake pa ola lililonse limene mwana wakhalapo.

Koma ndalamazi sizibwera popanda malamulo. Sukulu iyenera kuyenderedwa ndi bungwe la Care Inspectorate ndi kupezeka kuti ndi yabwino. Iyenera kupatsa mwana chakudya chaulere. Siloledwa kuonjezera mtengo pa maola amene Boma lalipira kale, ndipo alezi ake ayenera kulandira malipiro okwanira kukhalira moyo.

Apa mpamene pagona nkhani. Khonsolo imene ili ndi sukulu zakezake ndi yomwenso imagamula mtengo wolipira sukulu za anthu wamba, ndipo mtengowo umasiyana dera ndi dera. Eni sukulu akhala akudandaula kuti ndalama zimene amalandira pa ola sizifika pa zimene khonsolo imaononga pa mwana wa m'sukulu yake, pamene lendi, magetsi ndi chakudya zikukwera mtengo. Makhonsolo nawo amayankha kuti thumba lawo ndi lochepa, ndiponso kuti ali ndi udindo wosunga sukulu kumidzi yakutali ndi kuzilumba, kumene wamalonda sangapezeko phindu.

Chotsatira chake chimaoneka pa alezi. Mtsikana amaphunzira ntchito pa sukulu ya munthu wamba, ndipo akangoidziwa bwino amapita ku khonsolo, kumene malipiro ndi penshoni nzabwinopo. Palibe angamudzudzule, pakuti nayenso ali ndi pakhomo pofuna kudyetsa. Koma wovutika ndi mwana wa zaka zitatu, amene amazolowera nkhope imodzi, mawa lake napeza ina. Mwana wotere amaphunzira kulankhula ndi kukhulupirira anthu kudzera mwa mlezi amene wamuzolowera, ndipo mlezi akamasinthasintha, maola ochuluka aja phindu lake limachepa.

Makolo nawonso nkhaniyi imawakhudza. Kawirikawiri sukulu za anthu wamba ndizo zimatsegula m'mamawa ndi kutseka madzulo, ngakhale pa nthawi ya tchuthi, ndiponso ndizo zimalandira makanda amene sanafike msinkhu wa ulere. Sukulu yotere ikatsekedwa, namwino kapena woyendetsa basi amasowa posiya mwana wake.

Boma lidauona vutoli. Mu Sepitembala 2023, Humza Yousaf, amene panthawiyo adali nduna yaikulu ya Scotland, adalengeza kuti alezi ogwira ntchito ya maola aulere m'sukulu zimene si za khonsolo azilandira mapaundi osachepera 12 pa ola kuyambira mu Epulo 2024. Ichi chidali chithandizo ndithu, komabe sichidafafanize kusiyana kwa malipiro a mbali ziwirizo.

Phunziro lake nlakuti kulonjeza maola aulere nkosavuta kusiyana ndi kusunga anthu olera anawo. Boma likaitana sukulu za anthu wamba kuti zithandize kusenza denga, liyenera kuzilipira mtengo weniweni wa ntchitoyo, pakuti ana a mbali zonse ziwiri ndi a dziko limodzi.

Gawo lotsatira lidzakamba za ku England, kumene maola 30 amaperekedwa makamaka kwa makolo amene ali pa ntchito.