Ndani amatiteteza ku paki?

Paki ndi malo a tonse. Ana amasewerako, akulu amapumako, amayi amagulitsa mtedza pageti. Ku Maputo kuli Jardim Tunduru, paki imene inayamba mu 1885. Ku Tete ndi ku Lichinga kulinso malo otere. Kodi mukudziwa amene amasunga mtendere kumeneko?

Apolisi ake ndi a mitundu iwiri. A Polícia Municipal ndi a khonsolo ya mzinda. Iwo amaona za zinyalala ndi malo ogulitsira malonda. Milandu ya kuba ndi kumenyana ndi ntchito ya PRM, apolisi a dziko lonse.

Mukaberedwa foni, kanenani kupolisi msanga. Mukagwira wakuba, musamumenye, chifukwa kumenya munthu ndi mlandu. Mperekeni kwa apolisi. Mukaona mwana akuzunzidwa, imbani 116, Linha Fala Criança. Nambalayi ndi yaulere.

Nanga akagwira inu? Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati wapolisi akuuzeni chifukwa chake nthawi yomweyo. Musapereke chiphuphu, chomwe ena amati "refresco". Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku IPAJ. Kumeneko amathandiza osauka kwaulere.